Ndinaomba Kasanu pa Maliro a Nkhwazi

Loweruka, 3 Ogasiti 2024

A Fletcher Nkhwazi tawaika. Ine ndaomba m'manja pamaliro. Ndayamba ndi chimenecho dala, sindine wozungulira.

Mwera m'mawa wonse, mchenga m'maso. Anthu mpaka kumsewu: aphunzitsi anzawo opuma, ana asukulu akale, ena a magalimoto ochokera ku Mzuzu. Ife a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, mizere iwiri, zoyera mbee. Mabulauzi oposa theka osoka ine. Ya a NyaThole, apampando athu, yayamba kuthina m'khwapa. Sindinanene. Zilembedwe penapake kuti nthawi zina ndimakhala chete.

Zoyankhula. Woyamba akuti malemu anali tate wa mudzi wonse. Wachiwiri akuti nkhunda. Wachitatu, mkulu wa mpingo, akuti munthuyu sanakwezepo mawu chibadwire. Ndinasuzumira bokosi, mwina tasochera tabwera pa maliro ena.

Sophie, mkazi wawo, pamphasa pafupi ndi bokosilo, mutu pansi. Mnzanga wa kuyambira tili atsikana, tikuviika chinangwa dziwe limodzi.

Mbiri anapatsa Juliet, mwana wawo womaliza, namwino wa ku Mzuzu uja, poti a Killion, mng'ono wa malemu, anaiwala magalasi. Anawerenga bwino. Kubadwa, sukulu, uhedimasitala, matenda. Kenaka anapinda pepala. Akuti: "Zolembedwa zathera apa. Bambo anga anali mphunzitsi wabwino kusukulu. Kunyumba anali munthu wovuta, dzanja lawo linali lolemera. Amene asunga banja lino zaka makumi anayi ndi chimodzi ndi amayi awa. Muwathokoze akadali ndi makutu."

Zii. Ndi khanda lomwe linasiya kulira.

Ndiye manja angawa. Phwa, phwa, phwa, phwa, phwa. Kasanu. Osati kofumbata kuja, phu phu, kwapansipansi, kolandirira mawu a akuluakulu. Ayi. Kotambasula, kwa kumpira. Ndimayesa tiomba tonse. Kuyang'ana uku, kuyang'ana uku: ndekhandekha.

Abusa anayambitsa nyimbo msangamsanga, pamwamba kwambiri. Palibe anaifikira.

Lamulungu, 4 Ogasiti

Kutchalitchi. Benchi lathu limakhala anthu asanu ndi atatu mothinana. Lero ine, chikwama changa, ndi a NyaBanda osamva aja, amene anandifunsa mokuwa ngati maliro anayenda bwino.

Ulaliki wa lilime. Abusa anayesetsa kuti agwerenso pa manja koma vesi silinawalole.

A Joel, bambo a kunyumba kuno, sanandikalipire. Ayi, iwo njira yawo ndi ina. Akusoka ukonde pansi pa mango, osadzutsa mutu, akuti: "NyaMhone, zaka makumi atatu. Denga ndakonza, chimbudzi ndakumba kawiri. Sunandiomberepo ngakhale kamodzi. Ndiyambe ndafa?" Ndati ayesere aone.

Ndiwo chigwada. Bondo lakumanzere likupweteka, ndi mwerawu.

Lolemba, 5 Ogasiti

Mlendo m'mamawa: a NyaThole, bulauzi m'jumbo. Akuti yafupika yokha pochapa. Nsalu imeneyo siifupika, ndinasankha ndine. Ndawayeza. Mainchi atatu owonjezera chichokereni Khirisimasi. Ndinatchula mokweza. Telala sanama.

Ali chiimire, manja m'mwamba, tepi m'chiuno, ndi pamene anatula chimene anadzera. Akuti: "Ama NyaMhone, maliro si konsati. Mwanyazitsa yunifolomu." Komiti ikundifuna Lachisanu tikatha mapemphero. A Killion akadandaula kwa abusa. Potuluka anawonjezera, ngati akundiuza za nyengo, kuti nkhani ngati iyi munthu amatha kuvulidwa nayo.

Ndinaseka ali pomwepo. Atapita ndinabaya chala ndi singano, koyamba chaka chino.

Kuvulidwa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndili m'zoyera. Sukulu ndinalekera Sitandade 2. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndi buku la nyimbo, chala pa mzere, poti nyimbozo ndinkazidziwa kale pamtima. Kusoka ndinaphunzira pophwasula diresi la amayi n'kulibwezera. Tsiku londiveka ndinavala bulauzi yosoka ndekha, chinthu choyamba chimene chinatuluka chowongoka pamakina anga. Wa Umanyano akamwalira amamuyalira duku ndi bulauzi pamwamba pa bokosi, anzake mizere iwiri, kumuimbira mpaka kumanda. Amayi anga anapita choncho. Wovulidwa amapita ndi thabwa lokha.

Sindikuopa a NyaThole. Thabwa lokhalo ndiye.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Ndakhala ndikukumbukira, ndipo ndalemba pa katoni ya ulusi kuti ndikawawerengere.

Chaka chatha, maliro a msodzi uja anamira cha ku Kande. Kunabwera bwana wofuna mavoti, nsapato zosongoka. Analonjeza ambulansi ataima pambali penipeni pa bokosi. Mudzi wonse phwaphwaphwa. A NyaThole kanthungululu kanawapulumuka, anakameza theka. Ndinali kumbuyo kwawo, ndinaona khosi likugwira ntchito. Ambulansiyo ikadali m'njira.

Mzungu wa ku Sikotilandi uja anabwera pa chikondwerero cha mpingo. Akupemphera m'chizungu, anaima kuti ameze malovu. Ife phwaphwa, poyesa wamaliza. Anatsegula diso limodzi, n'kupitiriza. Tinamuomberanso kawiri asanafike pa ameni. Ndani anaitanidwa ku komiti?

Ndiye kwaya ya m'tauni ija, inabwera ndi jenereta pa maliro a mkazi wa adokotala. Manja kuyambira kunyumba mpaka kumanda. Akuti kumeneko ndi kuimba.

Choncho lamulo ndalipeza ndekha. Bodza uliombere. Chimene sunamve uchiombere. Choona chokha ndiye chilandiridwe ndi chifuwa ndi kuyang'ana zala zakumapazi.

A Joel aiona katoniyo. Akuti: "Isiye. Akukuitana ukapepese, iwe ukupita ngati loya." Ndati amene amasoka ukonde asoke ukonde.

Kwa Sophie sindinapite. Anthu akadali ambiri kusiwa. Ndipita akachepa, tikaseke bwino. Ndikudziwa mumtima akundithokoza.

Lachisanu, 9 Ogasiti

M'vesitili. Amayi asanu ndi awiri a komiti, mkulu wa mpingo wa "sanakwezepo mawu" uja, ndi amayi busa. Ine pa kampando ka Sande sukulu, mawondo kuchibwano. Anachita dala.

Katoni ndinawerenga yonse. Pa ambulansi a NyaThole akuti: "Chinali chifuwa." Ndati chifuwa chimenecho chinali ndi tchuni. Mlembi anabisa nkhope m'kaundula, mapewa akugwedezeka. Pa mzungu anaseka onse, ndi mkulu wa mpingo yemwe. Ndinati basi, ndawina.

Ndiye amayi busa. Mtsikana wa ku Kasungu, wofatsa, ndimamuyesa madzi. Anayankhula pang'onopang'ono. Akuti manja ofumbata amanena kuti tamva, tili pansi panu. Otambasula amanena kuti tasangalala. "Ndiye inu amayi, bokosi lili pomwepo, namfedwa ali pamphasa, munasangalala ndi chiyani?"

Funso labwino. Ndinadana nalo nthawi yomweyo.

Ndati sindinasangalale, ndinavomereza. Ndati andionetse manja ovomerezera, a "zimenezo n'zoona," ndiziomba amenewo. Anayang'anana. Kulibe. Tili ndi manja a ulemu, manja a chimwemwe, manja a nyimbo. A choona makolo anaiwala kutisiyira. Pamenepo ndikanakhala chete zikanathera bwino. Koma ndinawonjezera kuti ena a iwo amamva kukuwa kunyumba ya ahedi, amangokweza wailesi.

Kuseka kunatha.

Chigamulo. Loweruka la mawa lino ayi, linalo, pa 17, abale akamasonkhana kudzasesa. Ndipite ndi nkhuku. Ndigwade pamaso pa a Killion. Ndiombe kofumbata. Ndinene zinthu ziwiri: kuti ndinalakwa, ndi kuti malemu anali munthu wamtendere. Ndikatero nkhani yatha. Ndikapanda kutero, zoyera ndipinde.

Bulauzi yawo a NyaThole anaifunsa potuluka. Ndati ikufuna nsalu yambiri, ndikusakabe.

Loweruka, 10 Ogasiti

Nkhuku ndasankha. Tambala wakale uja, wa diso limodzi, amene anapulumuka chitopa kawiri. Mphika sudzamufewetsa. Ngati kuli kupepesa, apepesedwe akutafuna.

Tinayeserera. A Joel anakhala pa chidebe, akuti ndiwo a Killion, mimba anatulutsa, milomo anatukula. Ine kugwada, phu, phu, phu. Akuti: "Manja ali bwino. Nkhope ndiye ikuombabe kwa kumpira."

"Ndinalakwa" akutuluka, ngakhale mokhota. Chachiwiricho chikukana kutuluka. Ndayesa mofulumira, ndayesa monong'ona, ndayesa m'Chitonga. Chimodzimodzi.

Okutobala wina, kalekale, dzuwa loti nkhuku zikuyasamula, Sophie anabwera ndi nsalu, akufuna madiresi awiri a manja aatali. Ndinaseka, ndati ukufuna kuphika thupi? Ndinamuyeza. Ndinaona. Iye anaona kuti ndaona. Akuti anaterereka pamwala kochapa. Mwala umenewo unali ndi zala zisanu.

Ndinasoka. Chaka chotsatira ndinasokanso. Sindinanene kanthu kwa iye, kwa abusa, kwa aliyense. Ine amene ndimauza wogulitsa usipa kuti mbale yake ndi yobooka pansi anthu akumva. Zaka zonsezo pakamwa ndinasoka limodzi ndi madiresi.

Mwina manjawa anangotopa kudikira pakamwa.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Ndapita kwa Sophie. Ndinatenga ufa wa kondowole ndi mtolo wa nkhuni. M'njira ndimakonza momwe ndikamusekeretse nkhope ya a Killion.

Ali kukhonde la kuseri, wometa, duku lakuda. Wachepa. Anadikira azilamu ake apite kumadzi. Madzi akumwa anandipatsira m'kapu ya alendo, ya maluwa ija. Ine amene ndimadzitungira ndekha mumtsuko mwake.

Sanakweze mawu. Ananditchula dzina langa la utsikana. Akuti: "Queen, Juliet akanayankhula yekha, anthu akanati ndi chisoni cha mwana, mawa aiwala. Iwe unasainira. Telala wanga, amene amandiyeza thupi. Tsopano aliyense wobwera kudzandipepesa sayang'ana nkhope yanga. Amayang'ana mikono."

Ndati ndimafuna adziwe kuti sali yekha.

Akuti: "Unandifunsa? Chitseko chimenecho ndinkatseka ndine, zaka zonsezi. Sunali ulemu wa iye uja, unali wanga. Ndikanatsegula ndekha, tsiku langa, kwa amene ndamufuna. Iwe unaomba wamva kupepuka. Wonyamula ndine."

 Ine amene ndimayankha ngakhale apolisi a pamsewu, ndinangomwa madziwo mpaka kutha, kapu ndinatsuka ndekha, ndinabwera.

Pa katoni yanga yonse ija dzina la Sophie silinalembedwepo.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Sindinasoke. A Joel anayamba nthabwala, anaona nkhope, anaimeza. Aphika okha.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Bulauzi ya a NyaThole yatha. Ndaikulitsa bwinobwino, mwaulemu, palibe msampha. Ndinaganiza zosiya batani limodzi lolendewera pamalo oyenera. Ndinalilimbitsa. Ndikudwala kapena?

Tambala wajompha mwana wa aneba. Akudziwa kuti masiku ake atha, akumalizitsa ntchito.

Loweruka, 17 Ogasiti

Kwa a Nkhwazi. Amuna pansi pa mtengo, a Killion pampando wa ndalema pakati, magalasi apezeka. Amayi kukhonde, Sophie pakati pawo. A NyaThole ndi mlembi abwera ngati mboni, kaundula m'manja. Anthu ambiri kuposa ofunika pa kusesa. Ena sali pachibale ngakhale ndi mbuzi za pamenepo. Amva kuti NyaMhone agwada.

A Joel ananyamula tambala, miyendo yomanga. Anamuika pansi. Ine kugwada pamaso pa a Killion, monga mwa chigamulo. Anakonza kolala.

Sindinakonze chimene chinatsatira, ndikulumbira. Mawondo anangoyenda okha. Ndinawalambalala, chogwadagwada, pabwalo ponse mpaka kukhonde. Miyala. Bondo lakumanzere likulira. Ndinaima pamaso pa Sophie, ndinafumbata manja. Phu. Phu. Phu. Pang'onopang'ono, momwe amayi anga ankaombera apongozi awo. Ndati: "NyaLongwe, ndinalakwa. Nkhani inali yanu. Ndinalowamo ndi manja anga musanandiitane. Pepani."

Sophie anandiyang'ana. Akuti: "Yewu. Dzuka iwe, bondo lakolo ndimalidziwa."

Kumbuyo a Killion akutsokomola. Akuti: "Ama, mwasochera. Mpando uli kuno. Ndipo mawu anali awiri."

Ndinatembenuka, ndikadali pansi. Ndinawaombera iwonso kofumbata, poti ndi akulu ndipo mbale wawo wamwalira, zimenezo n'zoona. Ndati: "Ada Nkhwazi, pepani ndi maliro, ndipo pepani kuti ndinasokoneza mwambo. Achimwene anu anaphunzitsa ana anga atatu kuwerenga, ndipo pa bolodi ankalemba bwino kuposa aliyense. Zimenezo ndinena kulikonse. Koma mawu achiwiri aja ndawasaka sabata yathunthu, sindinawapeze. Ndikanama ndili chogwada, kugwadako kukhala kwa chiyani?"

Zii wina. Ameneyu ndinamusiya yekha, sindinamuthandize.

A Killion anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Akuti: "Mwamva nokha a mpingo." Mlembi analemba. A NyaThole anayang'ana kumwamba ngati akufunsa Chiuta kuti anawalakwira chiyani.

Tambala anamulandira. Ndinaona akumupereka kukhitchini. Mano alipo ayesere.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Alengeza. Miyezi isanu ndi umodzi kunja kwa Umanyano. Mpaka Febuluwale, ndipo akaona khalidwe. Sanatchule mlandu, angoti "nkhani yodziwika." Mitu yonse inatembenuka, kupatula wa a NyaBanda.

Amayi busa anandipeza panja. Akuti ena amafuna kundivuliratu, iwo anakana. Sananene zambiri, anangondigwira dzanja. Mtsikana ameneyu si madzi.

Ndachapa, ndasita, ndapinda. Duku, bulauzi, siketi. Pansi pa sutikesi, ndi mankhwala a njenjete. Ndinatseka msanga. Kenaka ndinatsegulanso, kolala inapindika molakwika. Sinapindike molakwika.

Ndauza a Joel kuti chachikulu ndisafe Febuluwale asanakwane. Akuti: "Usadandaule. Ukafa pakatipa ndikakusungitsa m'fuliji ya nsomba ku Chintheche, ndizinena kuti uli ku Mzuzu." Ndinawagenda ndi chitsononkho. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinasiye pamene kuseka kunasiya.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Belu la 2 koloko. Ndinawaona a Umanyano akudutsa pamsewu awiriawiri, oyera mbee, mabuku m'khwapa. Ndinapalasa makina mwamphamvu opanda nsalu, kuti amve kuti ndatanganidwa.

Odi pakhomo. Juliet. Akubwerera ku Mzuzu mawa. Akuti: "Anti, amayi akuti Lachisanu nawonso alibe kopita, namfedwa satuluka. Akuti mubwere ndi mpeni wanu, kuli chinangwa."

Ndinapita. Kukhonde la kuseri, mulu wa chinangwa, awiriwiri. Juliet anatumidwa kugolosale yakutali dala.

Tinayamba kusenda. Kenaka Sophie, maso pa mpeni, akuti: "Ndikuuza iwe wekha, kuyambira pachiyambi. Usandithandize. Usandivomereze. Usamutukwane, imeneyo ndi ntchito yanga."

Anayambira 1983. Zina sindilemba ngakhale muno. Sindinamudule mawu, koma chinangwa changa chinasendeka mopitirira, chinatsala ngati chala.

Ndiye anafika 1987. Chaka chimene njinga ya ahedi inabedwa, yatsopano, ya belu ndi galasi. Ndikukumbukira bwino: anaitana apolisi, anasecha midzi itatu, analalikira za akuba milungu inayi, anayenda wapansi chaka chonse akutukwana m'njira. Sophie akuti inali m'mawa wa tsiku lotsatira atamuthyola dzino. Iwo ali m'kalasi. Anaikankha yekha mpaka pamiyala italiitali ija ya kunyanja, anaimba belu kamodzi, n'kuiponya pakuya. Anabwerera kudzaphika. Madzulo anawathandiza kusaka.

Manja anga ananyamuka okha. Ndinaponya mpeni, ndinawakhalira onse awiri.

Sophie anandiyang'ana cham'mbali, akubisa kuseka. Akuti: "Khalira bwino. Pa njinga yachiwiri sindinafikepo."